Tchuthi cha m'labotale chimene chinasintha nsinjiro za kwathu

Masukulu atatsekera kumapeto kwa Julaye, mwana wa mchimwene wanga anabwera kudzakhala kwa ine ku Lilongwe atanyamula kachikwama ka zovala ndi kalata yochokera kwa aphunzitsi ake a Chemistry. Ndi mtsikana wa zaka 17, ndipo anali atangomaliza Fomu 3 pa sekondale yoyendera ya kwathu ku Mchinji. Kalatayo inali yomupemphera malo pa labotale ina yofufuza za mbewu, kuti akathandizeko ntchito kwa masabata anayi n'kuona ndi maso ake zinthu zimene amangozimva m'kalasi. Kusukulu kwawo kulibe labotale. Aphunzitsi amajambula botolo pa bolodi, n'kuwauza ana kuti madzi a m'botolomo asintha mtundu, anawo n'kulemba m'makope.

Ine ndinkayembekezera kuti madzulo aliwonse ndizimva nkhani za mankhwala ophulika ndi makina odabwitsa. Koma nkhani imene mwanayu anabwera nayo inali ya mtedza, ndipo inakathera pa lichero la agogo ake kumudzi. Ndaona kuti ndi bwino kuifotokoza pano chifukwa m'makomo mwathu ambiri, makamaka ife amene timadya nyama yochepa kapena sitidya n'komwe, mtedza ndiwo chakudya chomanga thupi chimene timadalira: m'phala la ana, mu nkhwani wotendera, m'futali, ndi m'chiponde chopaka pa buledi.

Sabata yotsuka mabotolo

Sabata yoyamba anabwera atagwa mphwayi. Anandiuza kuti sanayeze kanthu, ntchito yake inali pa sinki. Anamuveka chovala choyera chofika m'mawondo, magolovesi, magalasi oteteza maso ndi chotchinga pakamwa, kenaka anamusonyeza mulu wa mabotolo agalasi. Botolo lililonse linkayamba lanyikidwa m'madzi a Jik, chifukwa mankhwala amenewa amaononga poizoni amene ankamufufuzayo. Kenaka linkatsukidwa ndi sopo, n'kutsukuluzidwa ndi madzi a pa mpopi, ndipo pomaliza n'kutsukuluzidwa katatu ndi madzi oyeretsedwa mwapadera opanda mchere uliwonse.

Anaphunziranso malamulo a m'chipindamo. Mulibe kudya, kumwa kapena kutafuna chingamu. Nsapato ziyenera kukhala zotseka zala. Palibe kununkhiza botolo kuti udziwe chimene chili m'kati. Mankhwala ena otchedwa methanol amaoneka ngati madzi, koma munthu akamwa amatha kuchita khungu kapena kufa, choncho amatsanulidwira m'kabati yokoka mpweya. Ndipo panali botolo limodzi laling'ono m'firiji limene iye sankaloledwa kulikhudza n'komwe, chifukwa munali poizoni weniweniyo, amene akatswiri amagwiritsa ntchito pofananitsa ndi zimene apeza m'mbewu.

Tsiku lina anadandaula kwa amayi amene ankamuyang'anira kuti mbale amatsuka kale kunyumba. Iwo anamuyankha kuti botolo limodzi losatsukidwa bwino lingachititse kuti mtedza wabwino wa mlimi uoneke ngati uli ndi poizoni wa mtedza wa dzulo. Kuchokera tsiku limenelo sanayang'anenso sinki ngati chilango.

Kodi poizoni ameneyu n'chiyani?

Alimi ambiri amadziwa chuku, nkhungu ija imene imagwira mtedza ndi chimanga zikakhala pa chinyontho. Mitundu ina ya chuku, makamaka yotchedwa Aspergillus flavus ndi Aspergillus parasiticus, imakhala m'nthaka ndipo imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Dzina lakelo linachokera ku dzina la chuku choyambacho.

Dziko linayamba kumudziwa poizoniyu mu 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England. Atafufuza anapeza kuti chakudya chimene zinkadya chinali ndi ufa wa mtedza wochokera ku Brazil umene unali utagwidwa ndi chuku. Pafupi ndi kwathu kuno, mu 2004, kum'mawa kwa Kenya anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya chimanga chokhala ndi poizoniyu wambiri. Chochuluka cha chimangacho chinali cholima okha n'kusunga chisanaume bwino.

Munthu akadya poizoni wambiri nthawi imodzi, chiwindi chimaonongeka msanga: maso amachita chikasu, amasanza, m'mimba mumapweteka, miyendo imatupa. Koma zimene zimachitika kawirikawiri n'zakachetechete. Munthu amadya pang'onopang'ono zaka zambiri osamva kanthu. Bungwe la International Agency for Research on Cancer, limene lili ku Lyon m'dziko la France, linaika aflatoxin m'gulu loyamba la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu, ndipo khansa yake ndi ya chiwindi. Chiopsezo chimakula kwambiri mwa munthu amene ali kale ndi kachilombo ka hepatitis B. Kafukufuku amene anachitika ku Benin ndi ku Togo n'kufalitsidwa mu 2002 anapezanso kuti ana opinimbira anali ndi poizoniyu wambiri m'magazi kuposa ana okula bwino.

Chimene chinamudabwitsa mwana wathu ndi kuchepa kwa muyezo wake. Poizoniyu amayezedwa m'magawo a pa biliyoni, amene amalembedwa kuti ppb. Kuti timvetse, 1 ppb ndi ngati galamu imodzi yokha ya poizoni itamwazikana m'matumba 20,000 a makilogalamu 50. Maiko a European Union salola mtedza wodya anthu kupitirira 4 ppb, pamene ku United States malire ake ndi 20 ppb. Pa muyezo wotere diso silingaone kanthu, mphuno singamve fungo, ndipo lilime silingazindikire. Kuphika sikumutha poizoniyu, chifukwa amapirira kutentha koposa kumene madzi amawirira. Kukazinga kumangochepetsako, sikumuchotsa yense.

Momwe amayezera

Sabata yachiwiri anamuchotsa pa sinki n'kumuika pa ntchito yokonza mbewu zoti ziyezedwe. Kunkabwera timatumba ta mtedza ndi chimanga kuchokera m'minda ya kafukufuku ndi m'misika, kalikonse kali ndi nambala yake. Poyamba mtedza wonse wa m'kathumba unkagayidwa n'kusakanizidwa bwino. Anafunsa chifukwa chake sangotola njere zisanu n'kuyeza. Anamufotokozera kuti poizoniyu safalikira mofanana m'thumba. Njere zambiri zimakhala zabwino, koma njere zochepa kwambiri zimanyamula poizoni wochuluka. Ukatola pamwamba pokha ungaziphonye. N'chifukwa chake otenga mbewu amatapa pamwamba, pakati ndi pansi, m'matumba angapo.

Ufa uja ukasakanizika, ankayeza magalamu 20 pa sikelo ya magetsi imene imasuntha manambala ngakhale munthu angopumira pafupi. Mkulu wina wodziwa ntchito ankathiramo mamililita 100 a methanol wosakaniza ndi madzi, botolo n'kuikidwa pa makina okhutchumula kwa theka la ola kuti poizoni atuluke mu ufa n'kulowa m'madzimo. Kenaka ankasefa ndi pepala losefera, n'kutsala timadzi toyera.

Timadzi timeneti ankatidontheza ndi kachipangizo kotchedwa pipette m'kambale ka pulasitiki kokhala ndi timaenje 96. Njira imeneyi dzina lake ndi ELISA. Atathiramo mankhwala ena n'kudikira, timaenje tija tinkasintha mtundu, makina n'kuwerenga kuya kwa mtunduwo. Apa mwana wathu anasokonezeka masiku awiri, chifukwa zimayenda chobwerera: kadzenje kakada mtundu ndiye kuti poizoni ndi wochepa, kakatuwa ndiye kuti poizoni ndi wambiri. Anandiuza akuseka kuti tsiku loyamba anasangalalira kadzenje kotuwa n'kumati n'koyera, osadziwa kuti ndiko koipitsitsa.

Tsiku lina anamuzimitsira magetsi n'kuyatsa nyale ya kuwala kotchedwa ultraviolet. Pa kagalasi kamene anadonthezapo poizoni panaoneka timadontho towala, tina tobiriwira ngati thambo, tina tobiriwira ngati msipu. Anamuuza kuti mayina a mitundu ya poizoniyu anachokera pamenepo: B1 ndi B2 ndi imene imawala ngati thambo, G1 ndi G2 ndi imene imawala ngati msipu, ndipo B1 ndiye woopsa kuposa yonse. Madzulo amenewo nsima inamuzizirira m'mbale akufotokoza.

Tsiku limene analakwitsa

M'sabata yachitatu anabwera maso ali ofiira. Anali atasefa mabotolo khumi ndi awiri, koma awiri anaiwala kuwalemba manambala asanawasunthe pa tebulo. Atatembenuka sanadziwenso kuti la kumanja linachokera m'kathumba kati. Palibe anamuona. Anandiuza kuti anaima pamenepo ndi cholembera m'manja, mtima ukumuuza kuti angolemba mongoganizira, popeza mwina akanalondola.

Anakawauza amayi aja. Ntchito ya mabotolo awiriwo inatayidwa, anayambiranso kuyeza ufa, ndipo anthu atatu anaweruka mochedwa chifukwa cha iye. Sanamukalipire. Anamupatsa kope la m'labotale kuti alembe yekha zimene zinachitika, tsiku ndi nthawi yake. M'kope limenelo salemba ndi pensulo ndipo safufuta. Ukalakwitsa umadula mzere umodzi kuti cholakwikacho chizionekabe, n'kulemba cholondola pambali. Kenaka anamufotokozera kuti nambala yongoganizira ili ndi mapeto awiri okha: kapena mlimi wosalakwa akanizidwa mtedza wake pa msika, kapena mtedza wa poizoni ukalowa m'phala la mwana wa munthu wina.

Ndakhala ndikuthandiza pa ntchito za umoyo zaka zingapo, kuyeza anthu kuthamanga kwa magazi ndi kulemba manambala m'mabuku. Nkhani ya mwanayu inandikumbutsa masiku amene ndinkafulumira, osadikira kuti munthu apume kaye ndisanamuyeze. Nambala ikalembedwa, wina amaikhulupirira.

Mtedza wa agogo

Atatsala masiku ochepa kuti amalize, anapempha ngati angabweretse mtedza wa kwawo. Anamulola. Mchimwene wanga anatumiza timatumba tiwiri pa minibasi kuchokera kwa amayi athu, amene amalima CG7 kuseri kwa mudzi.

Amayi amachita monga amachitira alimi ambiri. Akaswa mtedza amausankha pa lichero. Wonenepa, wosalala ndi wofiira bwino umalowa m'thumba la mavenda, chifukwa ndiwo uli ndi mtengo. Wofota, wosweka, wobooledwa ndi tizilombo ndi wothimbirira umatsala pakhomo. Umenewo ndiwo amasinja nsinjiro zotendera ndiwo ndi zothira m'phala la zidzukulu. Kwa iwo kumeneku n'kusamala, palibe njere yotayika.

Kathumba koyamba, ka mtedza wogulitsa, kanatuluka bwino, poizoni wake anali pansi pa malire. Kachiwiri, ka mtedza wotsala pakhomo, kadzenje kake kanatuwa mpaka anachita kusungunula timadzi tija n'kuyezanso kuti makina athe kuwerenga. Munda umodzi, mlimi mmodzi, chaka chimodzi. Kusiyana kwake kunali pa lichero basi. Posankha mtedza wogulitsa, amayi ankachotsamo njere zoopsa zija bwinobwino, n'kuziunjika pamodzi, n'kuzipereka kwa ana aang'ono kwambiri a pakhomo.

Usiku umenewo mwanayu sanalankhule zambiri. Ali ndi mng'ono wake wa zaka ziwiri amene amadya phala limenelo m'mawa uliwonse.

Ulendo wa ku Mchinji

Tinapita limodzi kumudzi sabata yotsatira. Panjira tinagwirizana kuti sitikafika ndi mawu odzudzula. Mdzukulu sangakhale pa mkeka n'kuuza agogo ake kuti akhala akudyetsa ana poizoni. Ndinayamba ndine kuwafotokozera amayi za ntchito imene mdzukulu wawo anagwira, ndipo iye anatsatira, atagwada pambali pawo ndi lichero, akuwasonyeza njere imodziimodzi.

Amayi anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anati iwo adya nsinjiro zotero kuyambira ali mtsikana ndipo sanafe. Anafunsanso funso limene linali lovuta kuyankha: akataya mtedza umenewo, ndiwo atendera ndi chiyani, popeza wabwinowo ndi umene umabweretsa ndalama ya feteleza ndi fizi ya mdzukulu yemweyo? Mchimwene wanga anati ndiye aupereke kwa nkhuku ndi ng'ombe ya mkaka ya mnansi. Mwana uja anafotokoza kuti kumenekonso si kothawira. Nkhuku zimadwala nawo poizoniyu, ndipo ng'ombe ikamudya, mbali ina imatuluka mu mkaka ngati mtundu wotchedwa M1. Zimachitikanso chimodzimodzi ndi mkaka wa m'mawere ngati mayi akudya chakudya chokhala ndi poizoniyu, choncho chofunika ndi kusamala chakudya cha mayiyo, osati kusiya kuyamwitsa.

Pokambirana panatulukanso chinthu china. Amayi akafuna kuswa mtedza wambiri amayamba auwaza madzi madzulo kuti makoko afewe, zala zisapweteke. Mtedza umene unauma bwino umanyowanso, n'kulowa m'thumba uli ndi chinyontho. Mwana wathu anali atamva kulabotale kuti chizolowezi chimenechi chimapatsa chuku mpata waukulu.

Sitinagwirizane zonse tsiku limenelo. Koma amayi anavomera zinthu zitatu. Phala la ana lizithiridwa nsinjiro za mtedza wabwino wokhawokha, ndipo anapatula ndowa imodzi pa thumba la mavenda. Mtedza wowola ndi wothimbirira unakwiriridwa m'dzenje lakuya kutali ndi munda. Ndipo kuwaza madzi kunatha, mchimwene wanga atalonjeza kuti ana ake azithandiza kuswa. Pamene tinkatsazika, amayi anamuuza mdzukulu wawo kuti chaka chamawa adzabwerenso ndi maso ake atsopanowo pa nthawi yokumba.

Zimene banja lililonse lingachite

Si tonse tingatumize mtedza ku labotale. Koma zambiri zimene zimateteza banja zimachitikira m'munda ndi pakhomo.

Bzalani ndi mvula yoyamba. Chuku chimalowa mosavuta mu mtedza umene wakumana ndi ng'amba ndi kutentha kwa nthaka pamene ukukhwima. Kubzala msanga ndi kusunga chinyontho m'mizere kumathandiza kuti mbewu ikhwime mvula isanathe.

Kumbani pa nthawi yake, mosamala. Mtedza wokhalitsa m'nthaka umabooledwa ndi chiswe, ndipo khasu likatema makoko limatsegulira chuku khomo.

Umitsani msanga, osati pa dothi. Mukakumba tembenuzani mapesi kuti makoko ayang'ane kumwamba. Mukathothola yanikani pa mkeka, pa lona kapena pa thandala, ndipo muzivundikira kukachita mvula kapena mame. Mtedza wouma bwino umalira mukaukhutchumula, ndipo njere yake imathyoka mukailuma.

Sungani m'makoko mpaka nthawi yogwiritsa ntchito, ndipo musawaze madzi poswa. Matumba akhale pa thandala, osagunda khoma kapena pansi, m'chipinda chosadontha ndi chopita mphepo. Tetezani ku makoswe ndi anankafumbwe.

Sankhani musanasinje. Chotsani njere zofota, zosweka, zobooka, zothimbirira ndi zachuku. Kusankha sikuchotsa poizoni yense, koma kumachotsa wochuluka. Njere ikakuwawirani m'kamwa, lavulani. Zimene mwachotsazo musadye, musagulitse ndipo musapatse ziweto.

Samalani ndi nsinjiro ndi chiponde zogula zosinjasinja. Mtedza ukasinjidwa palibe angadziwe kuti unali wotani. Ndi bwino kugula wanjere n'kusankha nokha. Pogula chiponde cha m'botolo, yang'anani chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards.

Chimanga nachonso chimagwidwa ndi chuku chomwechi. Chiume bwino chisanalowe m'thumba, ndipo zisononkho zowola zisapite ku chigayo. Kusinthasintha zakudya, monga mbatata, chinangwa, nyemba, nandolo, masamba ndi zipatso, kumachepetsa poizoni amene thupi lingalandire kuchokera ku chakudya chimodzi.

Pitani ndi ana ku sikelo. Katemera amene makanda amalandira pa masabata 6, 10 ndi 14 amatetezanso ku hepatitis B, choncho amateteza chiwindi ku mdani amene amagwirizana ndi aflatoxin. Akuluakulu angathe kukayezetsa magazi ku chipatala kuti adziwe ngati ali ndi kachilomboka.

Funsani alangizi a zaulimi. Akatswiri a bungwe la ICRISAT ku Chitedze akhala akufufuza za mtedza ndi chuku kwa zaka zambiri. Bungwe la IITA linapanganso mankhwala otchedwa Aflasafe, amene ndi njere za mapira zokutidwa ndi chuku cha mtundu wosatulutsa poizoni. Amamwazidwa m'munda masabata awiri kapena atatu mbewu isanachite maluwa, kuti chuku chabwinocho chilande malo a choipa.

Mawu kwa makolo

Mwana wathu anabwerera kusukulu mu Seputembala kukayamba Fomu 4. Sanalandire malipiro, ndipo ndalama ya minibasi ya masabata anayi inatuluka m'thumba mwanga. Sindikudandaula. Anapita akudziwa mayina a mankhwala pamtima, anabwerako akudziwa kutsuka botolo, kulemba nambala yoona ngakhale ikumuchititsa manyazi, ndi kulankhula ndi agogo ake mwaulemu pa nkhani yovuta. Akuti akakhoza bwino MSCE akufuna kukaphunzira za sayansi ya zakudya.

Ngati muli ndi mwana wa sekondale wokonda sayansi, tchuthi chachitali chisathere pa foni. Kambiranani ndi aphunzitsi ake kuti amulembere kalata. Pali malabotale m'zipatala, m'mabungwe a madzi, m'malo ofufuzira zaulimi ndi m'masukulu a ukachenjede. Ena adzakana, chifukwa malamulo awo salola ana, koma ena amalola ngakhale tsiku limodzi loonerera. Onetsetsani kuti pali munthu wamkulu womuyang'anira, kuti apatsidwa zovala zodzitetezera, ndiponso kuti mukudziwa nthawi yolowera ndi yoweruka. Akabwera madzulo, mufunseni zimene waona, ndipo mumvetsere ngakhale zikukhudza khitchini yanu.

Kunyumba kwanga tsopano ndili ndi malichero awiri posankha mtedza. Zimene zagwera m'lichero laling'ono sizilowanso mu mtondo.